Wailesi ya Panyanja Imene Omvera Anakana Kuti Imire

Pamene mtsinje wa Blackwater umathira m'nyanja, m'dera la Essex kum'mawa kwa England, pali sitima yofiira imene yakhala itaponya nangula kuyambira mu 2014. Dzina lake ndi Ross Revenge. Injini yake inasiya kale kuyenda, moti ikafuna kusuntha imachita kukokedwa. Koma kamodzi pamwezi, kumapeto kwa sabata, kagulu ka aulutsi kamakwera boti n'kukagona m'sitimamo, kuyatsa majenereta, ndi kuulutsa nyimbo usana ndi usiku m'dzina la Radio Caroline. Masiku ena onse wailesiyi imaulutsira kumtunda, ndipo imamveka pa 648 AM, pa intaneti, ndiponso pa wailesi za DAB m'mizinda ingapo. Mu Marichi 2024 inakwanitsa zaka 60. Ambiri amene analemba za chikondwererocho anakamba za kulimba mtima kwa anyamata amene ankanyoza malamulo ali pakati pa mafunde. Ife tikufuna tiyang'ane mbali imene sikambidwa kawirikawiri: pa nyengo iliyonse ya moyo wa wailesiyi, ndani ankagula mafuta, ndipo ankafuna chiyani pobweza? Funso limeneli ndi limene limatiuza chifukwa chake Caroline ikanalipo pamene anzake onse a nthawi imeneyo anazimirira, komanso limatiuza ngati idzakhalepo zaka khumi zikubwerazi.

Chiyambi chake chinali mkwiyo wa munthu wa malonda. A Ronan O'Rahilly, mnyamata wa ku Ireland amene ankayang'anira oimba mumzinda wa London, analephera kupeza wailesi yoti iike nyimbo za woimba wawo Georgie Fame. Ku Britain nthawi imeneyo wailesi yololedwa inali BBC yokha, ndipo nayo inali ndi maola ochepa oikira zimbale chifukwa cha mgwirizano wake ndi eni zimbale komanso bungwe la oimba. Radio Luxembourg inkamveka usiku kuchokera kutsidya kwa nyanja, koma nthawi yake inali itagulidwa kale ndi makampani aakulu monga EMI ndi Decca. Woimba wopanda kampani yaikulu kumbuyo kwake analibe khomo lolowera. A O'Rahilly anaona kuti malamulo a Britain ankathera pa mtunda wa mamailosi atatu kuchokera kugombe. Anagula sitima yakale ya ku Denmark yotchedwa Fredericia, anaikonzera padoko la Greenore limene linali la bambo awo, anaimika mlongoti, ndipo pa 28 Marichi 1964, Loweruka la Pasaka, mawu a Chris Moore ndi Simon Dee anamveka kuchokera kufupi ndi Felixstowe. M'miyezi yochepa omvera anafika mamiliyoni. Mu Julayi chaka chomwecho Caroline inaphatikizana ndi Radio Atlanta, imene inkaulutsira m'sitima ya Mi Amigo. Sitima imodzi inatsala kum'mwera, ina inapita kukaima pafupi ndi chilumba cha Isle of Man kuti ifikire anthu a kumpoto.

Pa nyengo imeneyo ogula mafuta anali otsatsa malonda, ndipo zinkayenda. Wailesi zina zinaphukira panyanja ndi pa nsanja zakale za nkhondo zimene zinasiyidwa m'madzi, ndalama zinachuluka, mikangano nayo inachuluka. Mu Juni 1966 a Reg Calvert, mwini wa Radio City, anawomberedwa n'kufa pa mkangano wokhudza makina oulutsira mawu. Boma la Britain, limene linali likudandaula kale za mafunde a wailesi ogwiritsidwa ntchito popanda chilolezo ndi za ndalama za eni nyimbo zosalipidwa, linapeza chifukwa chofulumirira. Lamulo limene linayamba kugwira ntchito pakati pa usiku wa pa 14 Ogasiti 1967 silinalimbane ndi sitimazo, popeza zinali kunja kwa malire. Linalimbana ndi njira ya chakudya: nzika ya Britain yogwira ntchito pa wailesi zimenezi, yopititsako madzi ndi dizilo, kapena yotsatsapo malonda, inkatha kupita kundende. Radio London inatseka masana a tsiku lomwelo. Caroline inapitiriza, ndi mawu a Johnnie Walker ndi Robbie Dale. Patangotha milungu isanu ndi umodzi, pa 30 Seputembala, BBC inatsegula Radio 1, ndipo woyamba kulankhula anali Tony Blackburn, amene anaphunzirira ntchito pa Caroline pomwepo.

Apa ndi pamene nkhani imene anthu amakonda kuisimba imasiyana ndi zimene zinachitikadi. Otsatsa malonda atathawa, wailesi imene inabadwa pokana kuti makampani a zimbale azilamula zoti anthu amve inayamba kudalira ndalama za mwini kampani ya zimbale. A Phil Solomon, eni ake a Major Minor Records, anali kale m'gulu la akuluakulu a wailesiyi, ndipo aulutsi ankapatsidwa mndandanda wa nyimbo zolipiridwa zoti aziike mobwerezabwereza, kaya azikonda kaya ayi. Ngakhale zinali choncho ndalama sizinakwane. Mu Marichi 1968 kampani ya ku Netherlands ya Wijsmuller, imene inkaperekera sitimazo zofunika, inatopa ndi ngongole, inadula maunyolo a anangula n'kukokera sitima zonse ziwiri ku Amsterdam. Boma linalephera kuitseka Caroline ndi lamulo kwa miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri. Ngongole inaitseka m'mawa umodzi.

Mi Amigo inabwereranso panyanja mu 1972. M'zaka za m'ma 1970 wogula mafuta anali munthu wina wa bizinesi wa ku Belgium, a Sylvain Tack, amene ankachita lendi maola a masana kuti aziulutsa Radio Mi Amigo m'chinenero cha Chidatchi. Caroline inkatenga usiku. M'maola a usiku amenewo ndi m'mene munabadwa khalidwe limene wailesiyi ikadali nalo lero, loika nyimbo za m'kati mwa chimbale zimene wailesi zina sizikhudza, m'malo mongozungulira pa nyimbo zochepa zimene zatchuka sabata imeneyo. Koma sitimayo inali ikutha. Inamangidwa mu 1921, inali isanakonzedwe mokwanira kwa zaka zambiri chifukwa doko lililonse limene ikanalowa akanaigwira, ndipo anyamata a m'sitimamo ankakhalira kupopa madzi. Pa 19 Marichi 1980 namondwe anadula nangula, sitima inakakhuza mchenga n'kuyamba kumira. Anthu anayi amene analimo anapulumutsidwa ndi boti lopulumutsa anthu la ku Sheerness. Tiyenera kunena mosabisa kuti amuna a m'boti limenelo, amene anali ongodzipereka, anaika moyo wawo pachiswe usiku umenewo chifukwa cha sitima imene eni ake ankadziwa kuti yafooka. Amene timaikonda Caroline tisamadumphe mfundo imeneyi tikamasimba za ulemerero wake. Wailesi yosakhala ndi ndalama zokonzera chombo chake imakhala ikubwereka moyo wa anthu ena.

Ross Revenge inalowa m'nkhaniyi mu Ogasiti 1983. Inamangidwa mu 1960 ku Bremerhaven m'dziko la Germany ngati sitima yophera nsomba ya anthu a ku Iceland, kenako inagulidwa ndi kampani ya ku Grimsby, ndipo inakhalapo pa mikangano ya nsomba ya pakati pa Britain ndi Iceland. Ndi chombo cholimba, chotalika pafupifupi mamita 70, chopangidwira mafunde a kumpoto kozizira. Anaikonzera ku Santander m'dziko la Spain, kumene anaimikapo mlongoti wa mamita pafupifupi 90 ndi kuikamo makina oulutsira mawu a mphamvu ya makilowati 50. Madzi amchere amathandiza kwambiri mafunde a AM kuyenda mtunda wautali, n'chifukwa chake sitima imodzi yoima pakati pa England ndi Netherlands inkamveka m'mayiko angapo nthawi imodzi. Ogula mafuta tsopano anali Radio Monique ya Chidatchi, imene inayamba kumapeto kwa 1984, otsatsa lotale ya ku Canada ya Lotto 6/49, ndi alaliki a ku America amene ankagula maola a madzulo. Sitimayo inapirira namondwe woopsa wa mu Okutobala 1987, koma mlongoti unali utafooka ndipo unagwera m'nyanja mwezi wotsatira. Pa 19 Ogasiti 1989 akuluakulu a boma la Netherlands, pamodzi ndi a Britain, anakwera m'sitimamo aulutsi akufotokozera omvera zimene zinkachitika, anazula makina ndi kunyamula zimbale. Chimene ankasaka kwenikweni chinali wailesi ya Chidatchi imene inkaulutsira m'sitimamo nthawi imeneyo, ndipo itachoka, ndalama nazo zinachoka. Injiniya wa sitimayo, Peter Chicago, analumikiza zidutswa zotsala ndipo pa 1 Okutobala Caroline inamvekanso, koma mofooka. Inatsalira kupempha dizilo, mpaka inazima mu Novembala 1990. Chaka chotsatira, mu Novembala 1991, nangula anadukanso ndipo sitimayo inakatsakamira pa mchenga wa Goodwin Sands, malo amene ameza zombo zambirimbiri. Anthu anachotsedwa ndi helikoputala ya asilikali. Sitimayo inakokedwa kupita ku Dover, ili ndi ngongole ya oikoka komanso chiletso choti isachoke padoko chifukwa sinali yoyenera kuyenda panyanja.

Pamenepo panalibe wotsatsa malonda, panalibe mwini zimbale, panalibe wa lotale kapena mlaliki. Palibe wa bizinesi amene akanaika ndalama pa chombo chadzimbiri chogwidwa padoko, chopanda chilolezo choulutsira, pansi pa lamulo latsopano la 1990 limene linapatsa boma mphamvu zokwera sitima zotere ngakhale zili kunja kwa malire. Amene anatsala anali omvera. A Peter Moore, amene anali atayamba kuyendetsa zinthu kumtunda m'zaka zovuta zija, anasonkhanitsa anthu m'gulu lothandiza wailesiyi, la Radio Caroline Support Group. Anthu wamba, ena opuma pantchito, ena amakaniko, ena oyendetsa malole, anayamba kutumiza kangachepe mwezi ndi mwezi. Ngongole ya okoka sitima inalipidwa. Ena analibe ndalama koma anali ndi manja: ankabwera Loweruka ndi nyundo zogogodera dzimbiri, mabulashi a penti ndi makina owotcherera zitsulo. Kwa ife, chaka cha 1991 ndicho chaka chachikulu m'mbiri yonse ya Caroline, kuposa 1964 ngakhalenso 1967. Kufikira nthawi imeneyo omvera anali chinthu chimene wailesi inkagulitsa kwa ena: tili ndi makutu mamiliyoni akutiakuti, tipatseni ndalama tikulankhulireni. Kuchokera pa Dover omvera anasanduka eni katundu. Ndipo taonani kutalika kwa nyengo ziwirizi. Otsatsa malonda anaisunga wailesiyi zaka zitatu zokha lamulo lisanawabalalitse. Onse olipira lendi aja anabwera n'kupita. Omvera aisunga tsopano zaka zoposa makumi atatu, nthawi yaitali kuposa zaka zonse zimene inakhala panyanja.

Zaka zotsatira zinali za kuyendayenda. Sitimayo inkakokedwa kuchoka padoko lina kupita pa lina, Chatham, Southend, madoko a London, Queenborough, ikuulutsa ndi ziphaso za masiku 28 pa mphamvu yochepa kwambiri. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 wailesi inapeza situdiyo ku Maidstone n'kuyamba kumveka pa setilaiti, kenako pa intaneti. Sitima inakhala zaka khumi padoko la Tilbury isanapite ku Blackwater. Mu 2010 phungu wa nyumba ya malamulo, mayi Tracey Crouch, anapempha aphungu anzawo kuti Caroline ipatsidwe malo pa AM. Yankho linabwera mu 2017, pamene bungwe loyang'anira zoulutsa mawu la Ofcom linapereka chiphaso cha wailesi ya m'dera, ndipo pa 22 Disembala chaka chimenecho Caroline inayamba kuulutsa movomerezeka pa 648, kuchokera ku Orford Ness m'mphepete mwa nyanja ku Suffolk. Mafunde amenewa ndi malo omwewo ankagwiritsidwa ntchito ndi BBC World Service mpaka mu 2011. Anayamba ndi kilowati imodzi, ndipo mu 2021 analoledwa kukweza kufika pa makilowati anayi.

Tsono kuyendetsa wailesi yotere kumatanthauza chiyani tsiku ndi tsiku? Aulutsi salandira malipiro. Ambiri ali ndi ntchito zawo kapena anapuma, ndipo ena amaulutsira m'zipinda za m'nyumba zawo. Koma pali zinthu zimene kudzipereka sikungalipire. Makina a ku Orford Ness amadya magetsi ola lililonse la chaka, ndipo mtengo wa magetsi ku Britain unakwera koopsa mu 2022. Mabungwe otolera ndalama za eni nyimbo, PRS ndi PPL, amafuna zawo. Pa mbali imeneyi Caroline ya lero imalipira zimene Caroline yakale inkazemba, ndipo n'koyenera kutero. Pali chiphaso cha Ofcom, pali makampani onyamula mawu pa intaneti ndi pa DAB. Ndiyeno pali sitima, imene ndi nyumba yachiwiri yokhala ndi mimba yakeyake: dizilo wa majenereta, boti lonyamula anthu ndi katundu, inshulansi, maunyolo ndi anangula ofunika kuwayendera, mapampu, penti yosatha kugula. Walira mvula walira matope. Ndalama zake zimachokera ku zopereka za mwezi ndi mwezi, ku mapempho apadera amene amalengezedwa pa wailesi, ku malonda a masikipa ndi mabuku, ku otsatsa ochepa, ndi ku alendo amene amalipira boti kuchokera ku West Mersea kuti akaone situdiyo zakale ndi makina aakulu aja. Kuyambira mu 2015 mapulogalamu a m'sitima a mwezi ndi mwezi akhala akumvekanso kudzera pa Manx Radio ya ku Isle of Man, pokumbukira sitima ya kumpoto ija.

Chimene wopereka amagula ndi ndalama yake si nyimbo, chifukwa nyimbo angazipeze kwaulere kwina. Amagula ufulu wa muulutsi wosankha yekha. Wailesi zambiri zamalonda ku Britain lero zili m'manja mwa makampani awiri aakulu, Global ndi Bauer, ndipo nyimbo zimasankhidwa ku likulu potsata kafukufuku wa zimene sizingathamangitse womvera. Pa Caroline munthu amatha kuika nyimbo ya mphindi zisanu ndi zitatu ya m'chimbale chimene sichinagulidwe kwambiri, n'kufotokoza chifukwa chake amaikonda, popanda womuimbira foni kumudzudzula. Ufulu umene a O'Rahilly ankaulalikira mu 1964 unafika mochedwa, ndipo unabwera ndi anthu otumiza timapaundi tochepa. Owerenga athu amene amaponya kangachepe ku Radio Maria Malawi akudziwa mmene zimamvekera kutsegula wailesi n'kudziwa kuti mawu amenewo akuyenda ndi thukuta lako. Womvera wotere sasintha siteshoni msanga, ndipo akadandaula amadandaula ngati mwini.

Komabe njira imeneyi ili ndi msampha wake, ndipo tikayang'ana kutsogolo tiyenera kuyambira pamenepo. Wolipira aliyense amafuna kanthu, ngakhale wolipira mwachikondi. Ambiri mwa opereka a Caroline ndi anthu amene anali achinyamata m'zaka za m'ma 1960, 1970 ndi 1980, amene ankabisa kawailesi pansi pa pilo usiku. Chimene amafuna ndi kumva unyamata wawo. Palibe cholakwa pamenepo. Koma wailesi ikangomvera chikhumbo chimenecho chokha, idzakalamba limodzi ndi eni ake ndipo idzaikidwa m'manda limodzi nawo. A O'Rahilly anamwalira mu Epulo 2020. Johnnie Walker anamwalira pa 31 Disembala 2024. Mbadwo umene unakwera makwerero a chingwe pakati pa namondwe ukuchepa chaka ndi chaka, ndipo mbadwo wa opereka ukutsatira pambuyo pake. Oyendetsa wailesiyi anachita bwino kutsegula njira yachiwiri, Caroline Flashback, ya nyimbo zakale zokhazokha, kuti njira yaikulu ikhale ndi mpata woika zatsopano. Tikanakonda mpata umenewo ukule. Caroline inayamba chifukwa woimba wachinyamata analibe khomo lolowera. Oimba otere alipo ambiri lero kuposa kale. Nyimbo zawo zili pa Spotify ndi YouTube, koma zamira pakati pa mamiliyoni a zinzake, ndipo chimene akusowa ndi munthu wodalirika woti anene kuti imvani iyi. Imeneyo ndi ntchito imene wailesi yaing'ono ya anthu okonda nyimbo ingagwire bwino kuposa kompyuta, ndipo ndi njira yokhayo yopezera womvera wa zaka 25 amene angadzakhale wopereka wa zaka 45.

Nkhani ya AM nayo ikufunika kuiyang'ana ndi maso ouma. Wailesi zikuluzikulu zikuchoka pa mafunde amenewa. Absolute Radio inazimitsa makina ake a AM mu Januwale 2023, BBC yatseka ambiri a wailesi zake za m'madera, ndipo mayiko angapo a ku Ulaya anasiyiratu. Magalimoto ena atsopano amagetsi satuluka ndi AM n'komwe. Mbali ina zimenezi zathandiza Caroline, chifukwa mafunde achepa phokoso ndipo makilowati anayi akufika patali, mpaka kutsidya ku Netherlands ndi Belgium. Koma tsiku lidzafika pamene ndalama ya magetsi ya 648 idzakhala ikutumikira anthu ochepa kuposa amene akumvera pa foni. Tsiku limenelo oyendetsa wailesi adzafunika kulimba mtima kuti afunse opereka poyera ngati akufunabe kulipirira AM, m'malo mongoganiza kuti yankho likudziwika. N'kutheka kuti adzati inde, chifukwa anaimenyera nkhondo zaka zambiri. Ndalamazo ndi zawo, ndipo chisankho chikhale chawo.

Vuto lalikulu kuposa onse lili pansi pa madzi. Ross Revenge yadutsa zaka 60, ndipo kwa zaka zambiri sinatulutsidwe m'madzi kuti thupi lake lionedwe. Ongodzipereka angathe kupala ndi kupaka penti paliponse pamene dzanja lifika, koma chitsulo cha pansi chimadyeka mwakachetechete, ndipo kuti chipimidwe ndi kuwotcherera zigamba pamafunika kuikokera sitimayo padoko louma, kumene madzi amapopedwa n'kuisiya itakhala pa mitengo. Ntchito imeneyi imadya mapaundi zikwi mazanamazana, ndalama imene zopereka za mwezi ndi mwezi sizingafikire. N'chifukwa chake panakhazikitsidwa bungwe lachifundo loona za sitimayo palokha, limene lakhala likusonkhanitsa thumba la ntchito imeneyi. Sitimayi ili m'kaundula wa zombo za mbiri ya dziko la Britain, ndipo ili ndi zifukwa ziwiri zokhalira m'menemo: ndi imodzi mwa sitima zochepa zotsala za asodzi a m'nyanja zakuya a ku Grimsby, ndiponso ndi chombo cha wailesi chimene chikadali ndi situdiyo ndi makina ake.

Pali ena, ngakhale pakati pa okonda wailesiyi, amene amafunsa ngati sitimayo ikufunikadi. Funso lawo ndi lomveka. Mawu ambiri a Caroline amachokera kumtunda. Ngakhale pa masiku a m'sitima, mawu amatumizidwa kumtunda kuti akaulutsidwe kumeneko. Mlongoti wa m'sitimamo suulutsanso monga kale. Ndalama zimene zikupita ku dzimbiri zikanatha kulipira magetsi a zaka zingapo. Ife tikuona mosiyana. Pa intaneti pali wailesi zikwizikwi zoika nyimbo zabwino, ndipo zambiri mwa izo sizipeza wopereka ngakhale mmodzi. Chimene chimachititsa munthu kutsegula chikwama chake chifukwa cha Caroline n'chakuti ili ndi malo amene angapiteko, kukwera makwerero, kununkhiza dizilo, kugwira tebulo limene aulutsi ankagwira sitima ikupendekeka. Omvera amazindikiranso kusiyana kwa pulogalamu ya m'sitima: anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene adyera pamodzi, agona moyandikana, ndipo akulankhula za mphepo imene ikuwomba kunja kwa zenera lawo nthawi yomweyo. Gulu la opereka linabadwa populumutsa chombo, wailesi ili chete. Mukachotsa chombocho, mwachotsa chimene chinawasonkhanitsa. Koma tikunenanso kuti chikondi chimenechi chisabwereze cholakwa cha Mi Amigo. Ngati akatswiri adzapeza kuti chitsulo chapyapyala kwambiri moti sichingasunge anthu bwinobwino pamadzi, sitimayo ipezeredwe malo okhazikika padoko, alendo azifikako ndi miyendo, ndipo pasakhale wochita manyazi ndi zimenezo.

Zimene tikuyembekezera m'zaka zikubwerazi si zambiri. Tikufuna kuona mabuku a ndalama a wailesi ndi a sitima akupitiriza kukhala osiyana ndi otseguka, kuti wopereka adziwe ngati paundi yake yapita ku magetsi kapena ku chitsulo. Anthu amene anapirira zaka za chinsinsi, pamene dizilo ankapita usiku ndi mabwato osalembedwa, ayenera tsopano kuzolowera kuwerengetsa poyera, chifukwa mabungwe akuluakulu othandiza zosunga mbiri sapereka ndalama kwa amene mabuku ake ndi osamveka. Tikufuna kuona utsogoleri ukukonzekera wolowa m'malo. A Peter Moore anyamula katunduyu kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo wailesi imene yapulumuka namondwe ndi apolisi ingathe kugwa chifukwa chakuti zonse zinali m'mutu mwa anthu awiri kapena atatu. Chimodzimodzi ndi luso la manja. Anthu odziwa kukonza makina a AM a mavavu, odziwa mapaipi ndi mawaya a sitima ya 1960, ndi okalamba, ndipo zambiri zimene amadziwa sizinalembedwe paliponse. M'matauni a m'mphepete mwa nyanja ku Essex, Suffolk ndi Kent muli achinyamata amene akuphunzira zowotcherera, zamagetsi ndi zoulutsa mawu m'makoleji. Chiphaso cha wailesi ya m'dera chimafuna kale kuti siteshoni iziphunzitsa anthu ndi kupindulira dera lake. Boti lililonse lochoka ku West Mersea kupita kukagwira ntchito m'sitimamo liyenera kumanyamulako mmodzi kapena awiri mwa achinyamata amenewa, ndipo pa ndandanda ya aulutsi a kumapeto kwa sabata papezeke maola awo, ndi ufulu womwewo wosankha nyimbo umene akuluakulu ali nawo.